Mlandu wa Damu Tausenzetsa Inu

Amayi anga a Nambewe,

Kodi kumene muliko kukucha bwanji? Miyendo ija inaphwa? Ndine Esinati wanu, yemwe uja munkati pakamwa pake sipapuma ngakhale ali m'tulo. Musadabwe poona zilembo, palibe amene wandilembera. Ndinalowa sukulu ya kwacha imvi zili kale mbuu, moti pano pensulo ndimaikoka ndekha, ngakhale mizere yake imaoneka ngati papalasa nkhuku. Nkhani ndili nayoyi si yotuma munthu. Ndikamaliza ndiponya pepalali pamoto kuti utsi ukupezeni, chifukwa masiku ano pepala likagwa m'thumba limapita ndi mwini wake.

Ndiyambe ndi zabwino, mtima wanu ukhale kaye pansi. Mdzukulu wanu Aginesi anachira, mwana wamkazi, ndipo tinamutcha dzina lanu, Velina. Chipumi n'chanu chenicheni, ndipo akakwiya amatulutsa mlomo wam'munsi monga munkachitira inu mchere ukachepa mu ndiwo. Chimanga chaka chino chinachita, nkhokwe yaikulu inadzaza mpaka tinasowa poika chotsala. Mtedza wokha ndiwo unatikana, makoko okhaokha. Mbuzi yanu yamawanga ija fisi anaitenga dzinja lathali, koma inasiya ana, musadandaule. Mango wa kuseri kwa khola wachita maluwa ngati wapenga. Ku msika wa Mitundu zinthu zikadali chomwecho: usanafike pa tomato, anyamata a malaya ofiira ayamba akufunsa khadi la chipani, ngati kuti mu ndiwo timathira khadi.

Tsopano khalani bwino, ndikuuzeni zonyansa.

Damu la pa Kachule mukulikumbuka. Mungaliiwale bwanji poti msana wanu unathera pamenepo? Itangotha njala yaikulu ija, azungu a boma anati pa dambo pakhale damu, ndipo mudzi wonse unatuluka, ine ndili ndi mwana wanga woyamba kumbuyo. Amuna ankakumba dongo, ife tinkatuta ndi madengu pamutu, kumwaza pang'ono, kuwaza madzi, kenako n'kutsendera ndi misi yathu yosinjira. Inu ndi amene munkatsogolera amayi otsendera. Mukaponda ndi chidendene, phazi n'kulemba padothi, munkabweza mzere wonse. "Esinati, ukusisita mwana kapena ukutsendera? Menya ngati wadya!" Mawu amenewo ndimawamvabe ndikagwira musi. Khoma limenelo laima zaka zonsezi, mvula zoopsa zabwera n'kupita, ilo lili nji. Ng'ombe zamwa pamenepo, nazale za fodya zathiriridwa ndi madzi ake, madimba onse a kumunsi, lanu lomwe, adyera pomwepo. Kenako a boma anadzathiramo tinsomba ta makumba, ndipo tinaswana limodzi ndi milamba mpaka madzi kumachita ngati akuwira dzuwa likamalowa.

Mwana wanu Lufeyo, mlongo wanga, ndiye wakhala mlonda wa damulo chimwalirireni a Zakeyu okalamba aja. Paja pansi pa khoma pali paipi yaikulu yotulutsira madzi, ndipo gudumu lachitsulo lotsegulira limakhala lokhoma ndi loko. Kiyi ankayenda naye m'khosi, posamba pomwe osavula. Lamulo limene a Zakeyu anamusiyira linali limodzi: ukafuna kutsitsa madzi, asatsike kuposa chikhatho pa tsiku. Chifukwa chake Lufeyo sankachidziwa, a Zakeyu nawonso sankachidziwa, koma onse ankalisunga.

Ndiye kuli Gomesi. Ee, Gomesi yemweyo, mwana wa a Nasiketi, amene munkamuchotsa matekenya ndi munga iye akulira mamina ali chuchuchu. Pano ndi a Tcheyamani a chipani m'dera lathu lino. Ali ndi jekete la baji pachifuwa, ndipo akamayenda amaloza mphuno kumwamba ngati pansi pakumununkha.

Nthawi ya chisanu, titangomaliza kukolola, damu lili lodzaza tho, kunabwera uthenga woti Nduna ina idzachititsa msonkhano pa Mitundu, ndipo dera lililonse likonze mphatso. Anzathu a mbali ya ku Nathenje anati apereka ng'ombe. Ena mbuzi, ena mazira. Gomesi tulo anasowa. Ng'ombe yopereka ife tinalibe, koma iye ankafuna dzina lake limveke pa chimkuzamawu. Ndiye anasonkhanitsa mudzi n'kuti, "Ng'ombe aliyense angathe kupereka. Ife tipereka nsomba, ngolo yodzaza. Tikapa damu."

Amayi, mukudziwa mmene timakapira matamanda m'chilimwe: kutseka uku ndi uku ndi matope, kukapa madzi ndi mbale mpaka milamba itsale ikuphiriphitha poyera. Anthu atangomva mawu oti kukapa, m'kamwa munadzaza malovu, nzeru n'kuthawa. Nthungululu zinalira. Palibe amene anaganiza kuti thamanda lolekeza m'mawondo ndi damu lomiza munthu ataimika manja ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Lufeyo yekha ndiye anaimirira, chipewa chili m'manja. Anati, "A Tcheyamani, pepani, madzi aja satsitsa choncho. Mundipatse mwezi, nditsitse pang'onopang'ono." Gomesi anati, "Mwezi? Nduna idikire inu mwezi? Msonkhano ndi Loweruka lino." Lufeyo anati, "Lamulo lake ndi chikhatho pa tsiku." "Lamulo la ndani?" "La amene anamanga." Pamenepo Gomesi anatembenukira kwa anyamata ake n'kumwetulira. "Mwamva? A Lufeyo akusungabe malamulo a atsamunda. Tabwerezani, bambo, mokweza, anyamatawa sanamve bwino." Mwana wanu sanabwereze. Anavula kiyi m'khosi n'kumupereka. Gomesi anabisa manja kumbuyo. Anati, "Ayi, mlonda ndinu. Mukatsegule nokha." Muone kuchenjera kwa munthu wa matekenya.

Lachitatu m'mawa gudumu linazunguliridwa mpaka kumapeto, madzi n'kutuluka akubangula. Koma Gomesi anati paipi ikuchedwa, ndipo anatuma anyamata ake kukakumba ngalande m'mbali, paja pamasefukira madzi m'dzinja. Amayi, dimba lanu linaona zakuda. Mpiru, anyezi, nzimbe zija munabzala m'malire, zonse zinapita osatsanzika. Ndinaima pa chulu ndikuona kabichi wanga akuyandama ngati mitu ya anthu akuwoloka. Pofika Lachisanu, damu lonse lija linali chithaphwi.

Tsiku limenelo ndinaona mudzi wathu uli maliseche. Akulu a mpingo, aphunzitsi, amayi otsogolera nyimbo kutchalitchi, onse m'matope mpaka m'chiuno, kulandana milamba, kutukwanizana ndi mayina a makolo. Nsomba imodzi m'dengu la chipani, ziwiri m'chitenje. Mayi wina anabisa mlamba pachifuwa, unamubaya ndi munga wake, ndipo anakuwa akunamizira njoka. Sindinama, nafenso tinadya. Koma ine ndinkatafuna ndikumva dothi m'kamwa.

Dzuwa litapendeka, tili m'kati mwa phokosolo, khoma linapuma. Sindikudziwa kuti ndinene bwanji. Linangoti fuu, ngati ng'ombe ikamagona pansi. Mbali yoyang'ana kumadzi, pakatikati penipeni, inayamba kutsika yonse pamodzi, udzu wake uli chiimire, osathamanga, ngati phala likutsetsereka m'mbale yopendeka. Anthu anabalalika, wina kugwera mnzake. Dothilo linakwirira kukamwa kwa paipi limodzi ndi madengu a amene anali pafupi. Mwayi wake, munthu sanatsaliremo. Pamwamba pa khoma, paja pankadutsa ngolo, panatsala kanjira koti anthu awiri sangapatukirane, ndipo m'mbali mwake munali mng'alu wautali, wakuda bii.

Mukuganiza kuti Gomesi anayang'anako? Anati, "Zimenezo tiziona Lolemba, pakirani nsomba." Ngolo inanyamuka Loweruka m'mamawa, nsomba ataziphimba ndi masamba a nthochi, osatumbula, osawamba, ati Nduna ione kuti n'zaziwisi. Ife tinavala nsalu za chipani n'kuyenda wapansi mpaka pa Mitundu. Tinavina kuyambira m'mawa, fumbi lili koboo. Dzuwa linafika pamutu, Nduna osaoneka. Linapendeka, osaoneka. Ngolo ili padzuwa. Amayi, fungo limene linatuluka m'menemo! Ntchentche zobiriwira zija zinachoka m'zimbudzi zonse za pa Mitundu kubwera ku msonkhano, popanda ndi khadi lomwe. Tinkaimba titatseka mphuno ndi mipango. Galimoto za Nduna zitamveka, mkulu wina wa ku Lilongwe anathamanga n'kulamula kuti ngoloyo ichoke msanga. Nsomba zonse za pa Kachule, zoweta zaka ndi zaka, anakazikhuthulira m'dzenje kuseri kwa msika. Pa chimkuzamawu anatchula ng'ombe ya anzathu a ku Nathenje. Dzina la Gomesi silinamveke.

Patapita masiku kunabwera munthu wa boma woona za madamu, a Mwale, bambo a dazi, ofatsa, pa njinga yamoto. Inu mukundidziwa, mlendo sangadutse ine osamutsatira. Ndinatenga thobwa ngati chonamizira n'kupita ku damu, ndipo ndinawapeza ali awiriwiri ndi Lufeyo.

Bambo aja ntchito ankaidziwa, zimenezo sindiwalanda. Anayamba ndi kufunsa kuti madzi ankalekeza pati ndipo anaphwa liti. Lufeyo atawaonetsa mzere wa matope pa mabango, anangogwira pakamwa. Kenako anayenda khoma lonse uku ndi uku akusuzumira ngati muli chiswe kapena mizu ya mitengo. Pa mng'alu anagona chafufumimba n'kulowetsa nsungwi. Inamira yonse, yotalika kuposa iwo. Anakhoma zikhomo mbali iyi ndi mbali iyo ya mng'alu, n'kumanga chingwe pakati, ndipo anauza Lufeyo kuti aziona m'mawa uliwonse: chingwe chikamakungika, ndiye kuti dothi likuyendabe. Anatsikira kuseri kwa khoma, mbali ya madimba, kufunafuna pamene pakuchucha madzi. Anatunga m'chikhatho n'kuwayang'anitsitsa, ati oyera si kanthu, koma amatope ndiwo oopsa chifukwa ndiye kuti akudya khoma m'kati. Anali oyera. Pomaliza anatenga chitsulo chawo chopota n'kuboola pamwamba pa khoma, thukuta lili kamukamu. Atalowetsa bango m'dzenjemo, linatuluka lonyowa chapamwamba pomwepa, chonsecho damu litaphwa kalekale.

Ndinafunsa, "Bambo, madziwo akutani m'khoma, anzawo atapita kale?" Anaseka pang'ono. Anati, "Nkhani yonse ili pomwepo, mayi. Khoma ladothi limamwa madzi zaka zonse, limakhala lokhuta. Koma silingagwe, chifukwa madzi a m'damu amalikankha, ilo n'kumawayedzamira. Munaonapo amuna awiri akuchokera ku mowa atakolekana mapewa? Malinga ali awiri, akafika. Wina akangozemba mwadzidzidzi, mnzakeyo ali pansi. Mukatsitsa pang'onopang'ono, madzi a m'khoma amapeza nthawi yotuluka, dothi n'kuuma, n'kuima palokha. Mukaphwetsa ngati thamanda, a kunja apita, a m'kati atsala, dothi n'lolemera, n'loterera, woligwira palibe." Lufeyo anangoti, "Ndiye chikhatho chija n'chimenecho." Zaka zonsezi akusunga lamulo, tanthauzo lake analimva khoma litagwa kale.

Ndinafunsanso, "Nanga khomali linali lofooka?" A Mwale anandionetsa manja awo, matuza okhaokha. Anati, "Mayi, ndaboola madamu ambiri. Ili chitsulo chikuchita kukana. Amene anatsendera dothi ili sankasewera. Likanakhala lina, bwenzi litapita lonse, ndi anthu omwe." Amayi, ndinafuna kululuta pomwepo. Ndinati, "Anali amayi anga." Mawu a bambo amenewo asungeni, chifukwa m'kalata muno okoma ena simuwapezanso.

Anatichenjezanso kuti kakhoma kotsalako sikangalimbane ndi dzinja. Mvula ikadzadzaza damu paipi ili yokwiririka chomwecho, madzi adzalowa mumng'alu, kotsalako kadzaphulika, ndipo nyumba za kumunsi kwa dambo zidzatsatira kabichi wanga. Anati pafunika kuchotsa dothi lonse lotsetserekalo, kufukula paipi, n'kumanganso mzere ndi mzere mvula isanagwe.

Tsono apa m'pamene nkhani inanunkha kuposa nsomba zija. Gomesi, manyazi a pa Mitundu atamugwira, anayamba kufalitsa kuti Lufeyo anatsegula gudumu mopitirira mwadala, pofuna kuchititsa chipani manyazi, ndiponso kuti anatamanda malamulo a atsamunda mudzi wonse ukumva. Mawu oti woukira anayamba kumveka pa chitsime. Ku Nathenje landirova ina inaima pa sitolo, anthu ake n'kufunsa njira ya kwa mlonda wa damu. Inu munachoka zinthu izi zitayamba kale, mukudziwa kuti wokwera galimoto imeneyo sabwera ndi nkhani, ndipo ena sabwera n'komwe. Nanga Lufeyo ndi chifuwa chake chija, angathe mwezi akugona pa simenti?

Ndinayenda khomo ndi khomo kupempha kuti wina anene zimene tonse tinamva. Mkulu wa mpingo uja amapemphera mpaka msana kuwawa anandiuza kuti, "Mayi, tsiku limenelo ine ndinakhala kumbuyo, mphepo inkaomba, sindinamve bwino." Chonsecho padenga la khitchini yawo milamba yowamba ili ndandanda. Aphunzitsi anati iwo ndi antchito a boma, za m'mudzi salowerera. M'matope muja analowa mpaka m'khosi. Ena onse ukawafunsa kuti analamula ndani, ankayang'ana zala zakumapazi.

A Mwale atabweranso kudzaona zikhomo zawo, anakhala pa chitsa, pepala lili pa bondo, osalemba. Anati, "Ndikalemba kuti madzi anatsitsidwa mofulumira, andifunsa kuti anatsegula ndani. Ndikati mlonda, nkhani yathera pomwepo. Dzina la amene anamutuma ine sindingalilembe, mayi, ndili ndi ana kusukulu." Ndinati, "Ndiye mulemba mlongo wangayu?" Anakanda dazi. Kenako anati, maso ali kumbali, "Pokhapokha khomali likanakhala kuti linali lodwala chimangireni. Ntchito ya atsamunda, mukudziwa, akuluakulu savuta kukhulupirira kuti inali yoipa. Koma pafunika munthu amene analipo pomanga, anene ndi pakamwa pake." Manja omwe aja a matuza, Amayi. Pakamwa pomwe paja panakutamandani.

Mwa amene tinatsendera khoma lija tatsala awiri: ine ndi a Nachisale, amene pano makutu anatseka ndipo mwamuna aliyense amamuyesa malemu amuna awo.

Tsiku la mlandu linafika. Anabwera amuna awiri a ku Lilongwe, wina wa magalasi akuda, n'kukhala pa mipando pansi pa mkuyu wa pasukulu. Landirova anaiimika poonekera, chitseko chakumbuyo chili chotsegula. Lufeyo anamukhazika padothi payekha, kutsogolo. Gomesi analankhula zake, thovu lili kukamwa. A Mwale anawerenga za mng'alu ndi zikhomo, n'kumaliza ndi mawu oti mwina khomalo linali ndi matenda akale, ndipo pali mayi amene angafotokoze. Ndinaimirira.

Inu munkati, "Esinati, phindu lako lili pakamwa basi, ndipo tsiku lina pakamwapo padzakugulitsa." Sipanagulitse ine. Ndinayamba monga ndimayambira nthano, ndipo lilime litangomva kuti anthu atchera khutu, linathamanga lokha. Ndinati ntchito ija tinkaigwira mokakamizidwa, njala ili m'mimba, choncho kapitawo wa mzungu akangotembenuka tinkaponyamo udzu, zitsa, mapesi, chilichonse choti khoma likwere msanga. Ndinati misi tinkaitsitsa ngati tikuopa kudzutsa mwana, nyimbo yokha ndiyo inkalimba. Ndinawaonetsa ndi thupi lomwe: kapitawo akayang'ana, di! di! di! Akatembenuka, fwe, fwe. Anthu anaseka mpaka kugwirana. Wa magalasi uja anachita kuwavula kuti apukute misozi.

Kenako anafunsa, "Ankatsogolera zimenezi ndani, agogo?"

Amayi, ndinayang'ana bwalo lonse. Dzina lililonse limene ndikanatchula linali ndi ana ndi adzukulu ake pomwepo, ndipo akanaimirira kunditsutsa, bodza lonse n'kutsetsereka ngati khoma lija. Dzina lopanda wolimenyera nkhondo linali limodzi lokha, poti ana ake ndi ine ndi uja anakhala padothi uja. Ndinati, "A Nambewe, amayi anga ondibereka."

Kenako wa magalasi anati, "Munthu sanganamizire mayi ake," n'kutseka buku. Anawonjezera kuti inu munachita bwino kupusitsa atsamunda, kungoti mwapweteketsa chitukuko cha lero. Woyamba kuomba m'manja anali Gomesi. Landirova inabwerera yopanda munthu kumbuyo.

Ndiye Lufeyo alipo, Amayi. Akugona m'nyumba mwake, akutsokomolera pa mphasa yake. Kiyi anamulanda n'kupatsa mphwake wa Gomesi, koma zimenezo n'zazing'ono. Chimene chikundiwawa n'chakuti chichokereni tsiku lija sanapondepo pakhomo panga. Ndinakumana naye pa njira ya kudimba, ndipo anati, "Achemwali, mwawavula amayi pabwalo. Bola ndikanakwera galimoto ija." Ndinati, "Iwe, ukanakwera ndi chifuwa chakocho? Unali pomwepo, pakamwa unali napo, bwanji sunaimirire kunditsutsa?" Anangodutsa. Tonse awiri tikudziwa chifukwa chake, n'chifukwa chake sitikuyang'anana kumaso.

Choipa china n'chakuti nthano ija ndinaikamba bwino mopitirira. Ikanakhala yozizira, bwenzi itaiwalika. Pano ana akamasewera amachita di! di! di! fwe, fwe, n'kumafa nalo phwete. Nkhokwe ikapendama, mphika ukang'aluka pouotcha, anthu akuti, "Aa, za a Nambewe izi." Dzana ndinamva mkamwini wina wobwera dzulodzuloli, wosakudziwani ndi nkhope yomwe, akunena chomwecho za denga la khola lake. Ndinalowa m'nyumba n'kulavula. Ndipo amene anali ana nthawi ija, amene anakuonani ndi maso awo mukubweza mzere wonse chifukwa cha chidendene, akuseka nawo, poti kusaseka kungafunsidwe.

Nazale za fodya chaka chino anthu akuthirira ndi ndowa zotunga kutali, ndipo ng'ombe nthiti zili pamtunda. Aliyense akudandaula dzuwa. Za nsomba palibe amene akutchula.

Pano tikumanganso, ati ntchito yodzithandiza tokha. Thirakitala inabwera tsiku limodzi, a Tcheyamani anajambulitsa ataigwira, n'kupita. Zotsala ndi madengu ndi misi, monga kale. Chingwe cha a Mwale chinasiya kukungika, ati dothi lakhazikika, paipinso tinaifukula. Iwowo akandiona amawerama n'kumakonza njinga yosawonongeka. Mabingu ayamba kugunda cha ku Dzalanyama, chonsecho pogumuka paja tangofika m'chiuno. Gomesi amaima pamwamba ndi ambulera, akukuwa kuti, "Tsenderani, amayi, tsenderani! Tisamangenso za a Nambewe!" Ndipo ine, mwana wanu, ndimavomera nawo kuti eee.

Musi umene ndikugwira ndi wanu uja wa muwanga, wosalala pogwirira. Mzere ndikutsogolera ndine, poti palibe wina akudziwa. Ndimaponda ndi chidendene, phazi likalemba ndimabweza onse, atukwane asatukwane. Akandifunsa kuti ukali umenewu ndinautengera kuti, poti amayi anga ankangosisita, ndimaluma mlomo.

Sindikukupemphani kuti munene kuti ndinachita bwino. Ndangoti mumve kwa ine, musayambe kumva kwa ena obwera kumeneko. Mlandu uwu tausenzetsa inu chifukwa kumene muliko landirova sifika. Munasenza dothi la khoma lija pamutu. Senzaninso ichi pang'ono, chifukwa cha Lufeyo. Ngati mukufuna kubwera kutulo kudzakalipa, bwerani kwa ine. Iye musiyeni, akudwala.

Lonjezo langa ndi ili. Khomali likwera lolimba ngati lanu, msana uthyoke usathyoke. Ndipo Velina wamng'onoyu akadzamera makutu, ndidzapita naye pa Kachule tili awiri, ndikamupatse khasu akumbe mbali yanu yakale imene sinagwe, aone yekha ngati muli udzu ngakhale umodzi. Nthano imeneyo ndidzaikamba bwino kuposa ija.

Mupereke moni kwa abambo. A Zakeyu muwauze kuti chikhatho chawo chija chinali choona.

Ndine mwana wanu wokukondani, wapakamwa uja,

Esinati